Mutu 6: Magolovesi Ofiira ndi Mphuno ya Njiri

1. Uthenga wabwino

Mwezi wa Juni mu Pretoria suona nkhope. M'mawa udzu umayera ndi chisanu, madzi apampopi amaluma zala, ndipo munthu akamayankhula mkamwa mumatuluka utsi ngati wameza mbaula. Koma Loweruka lina m'mwezi umenewo Theresa sankamva kuzizira. Anatsika takisi ku Queenswood ali liwiro, chikwama cha uta chikumumenya kumsana, mpaka anakafika pakanyumba kakuseri komwe ankakhala ndi amayi ake.

"Amayi! Amayi! Anditenga!"

Mayi Mervis, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba pabanja la pamalopo, anali akuyanika zovala. Anatembenuka mapegi ali kukamwa.

"Akutenga ndani? Apolisi?"

"Ayi, Amayi! Amalume! Akuti holide ino ndipita nawo kutchire!"

Theresa anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kusukulu kwawo kunali kalabu ya oponya mivi, ndipo iye anali mmodzi mwa akatswiri olasa chandamale. Amalume ake, a Pearson, anayamba ndi ntchito yosamala maluwa ku Centurion kwa Bambo Morton. Bambowo anali ndi famu ya nyama zakutchire kumpoto kwa mzindawu, kumene anthu amaloledwa kusaka ndi uta. Patapita zaka, a Pearson anasiya maluwa nakhala wotsogolera alenje pafamupo. Nyengo yozizira iliyonse ankatenga achinyamata awiri a m'kalabu kukawaphunzitsa kusaka motsata malamulo. Chaka chimenecho anasankha Theresa ndi mnzake Lerato.

"Koma pali mayeso," anatero Theresa akupumira m'mwamba. "Loweruka likubwerali tikaponye mivi pamaso pawo titavala zovala zomwe tikavale kutchireko. Wopambana akalowa m'kachisakasa kobisalamo pafupi ndi dziwe, pomwe njiri zimadzamwa madzi. Wolephera akatsala kumsasa, azikasenda anyezi."

"Kutchire? M'chisanu muno?" Amayi anagwira m'chiuno. "Pearson akufuna kundiumitsira mwana ngati nkhuku ya mufiriji."

Pakamwa pankakalipa, koma maso ankaseka.

2. Nkhondo ya Mayi Mervis

Mayi Mervis anakulira ku Chikwawa, kumene dzuwa limawotcha mapazi ngakhale uli pamthunzi. Anafika ku Joni mwezi wa Juni atavala kadiresi kopyapyala ndi chitenje chimodzi. Theresa anaimva nkhaniyi kambirimbiri: mmene amayi ake anaimira pasiteji zala zitauma gwa, osatha ngakhale kumasula mfundo ya pachitenje. Kuyambira tsiku limenelo kuzizira kunali mdani wawo wamkulu. Satana ankabwera pambuyo.

Choncho sabata yonseyo anali pankhondo. M'takisi ankaluka. Pa nthawi ya tiyi ankaluka. Ngakhale popita kukwaya, ulusi unali m'chikwama.

Lachisanu Theresa pobwera kusukulu anapeza mulu wa zovala pabedi. Panali jekete lalikulu lofufuma, lomwe madamu a pamalopo anawapatsa amayi ake. Panali juzi, buluku ndi masokosi. Zonse zinali zochapa ndi sopo wonunkhira, zotsukuluza m'madzi ofewetsera zovala aja onunkhira maluwa, ndiponso zosita bwinobwino. Ngakhale masokosi anaona ayironi. Pambali panali botolo la mafuta odzola. Ndipo pamwamba penipeni panali magolovesi ofiira psuu, okhuthala ngati buledi.

"Vala tione," anatero amayi.

Theresa anavala. Manja anafunda nthawi yomweyo.

"Eya! Chisanu chikakupeze kumene," amayi anawomba m'manja. "Ndipo mafutawo usakawaiwale. Mwana wa Mervis sapita pagulu ali mbuu ngati wagona paphulusa. Anthu a kufamuko adziwe kuti uli ndi mayi."

Theresa anayang'ana manja amene analuka magolovesiwo. Anali ndi ming'alu chifukwa cha madzi ozizira ochapira. Anawakumbatira amayi ake mwamphamvu. Anamva kuti zala zitatu zokokera nsinga ya uta sizikupindika bwino, koma anangomwetulira.

3. Munda wa maluwa

Loweruka litakwana, Lerato ndiye anayamba kufika pabwalo la kalabu. Agogo ake aamuna anachokera ku Dedza kalekale kudzagwira ntchito m'migodi, koma iye anabadwira ku Mamelodi, ndipo Chichewa chake chinkayendera limodzi ndi Chisepedi.

"Eish, chomi!" anakuwa atamuona Theresa, pakuti "chomi" ndi mmene amanenera "mnzanga" kumeneko. "Ukupita kutchire kapena ku ukwati? Ndakununkhiza usanalowe pageti!"

A Pearson anayandikira, anakweza mphuno, nayetsemula kawiri.

"Ine ndinasiya ntchito ya maluwa," anatero. "Ndani wabweretsa munda wonse kuno?"

Lerato anaponya poyamba. Anali ndi juzi yakuda ndi timagolovesi topyapyala togula m'sitolo. Mivi yake inalowa bwino.

Kenako Theresa anaima pamzere. Atakweza uta, jekete linalira: shwaa, shwaa. Anakoka nsinga, koma asanalunjike n'komwe, inaterereka paulusi wokhuthala uja. Inamenya mkono wa jekete kuti phwa! Muvi unakagwa muudzu, ndipo nkhanga zomwe zinkadya cha kumpanda zinabalalika ndi phokoso. Lerato anaseka mpaka kukhala pansi. Muvi wachiwiri unatsatira mnzake.

Theresa anavula magolovesi ndi jekete mwaukali, naponya wachitatu. Unalowa pakati penipeni.

"Mwaona, Amalume? Ndikangoponya opanda magolovesi."

"Khalani pansi nonse awiri," anatero a Pearson. Anadikira mpaka atsikanawo atakhala, kenako anayamba.

"Theresa, pano wangotsika takisi, magazi akuthamanga. M'kachisakasa timalowa dzuwa lisanatuluke, n'kukhala duu osagwedezeka. Njiri ikamafika, zala zopanda chofunda zimakhala zitasanduka nkhuni. Sungamve nsinga. Choncho magolovesi ndi ofunika, koma akhale okulola kuti ugwire ntchito.

"Mvetsani bwino. Njiri maso ake si akuthwa kwenikweni. Kufiira kwa magolovesiwa sikundidetsa nkhawa, chifukwa chomwe nyama imaona msanga ndi kugwedezeka. Koma mphuno yake ndi makutu ake ndi alonda osawodzera. Sopo amene kwa ife ndi ukhondo, kwa iyo ndi belu lochenjeza. Kamphepo kakangotembenuka, imaimika mchira n'kuthawa, ndipo tsiku lonse lapita. Jekete likati shwaa, n'chimodzimodzi kuiimbira foni kuti tafika.

"Koma chachikulu ndi ichi. Lero muvi walasa udzu, taseka. Kutchire muvi wopita pambali si nthabwala. Ukalasa mwendo kapena mimba, nyama imathawa ndi muvi wako. Imakavutika kutali, n'kufera komwe palibe amene angadye nyama yake. Mlenje weniweni amalasa poyenera, apo ayi saponya n'komwe. N'chifukwa chake timayesera zovala kuno, osati pathupi la nyama."

Theresa anazolika.

"Ndikupatsa mwayi wina tisananyamuke," anamaliza amalume. "Ukabweranso monga wabwerera lero, anyezi akukudikira."

4. Njira yachidule

A Pearson anawatenga atsikanawo pabaki yawo, galimoto yapikiapu, kukawatula pasiteji. Panjira anawagulira magwinya, mandasi a ku Joni, ndipo awiriwo ankadya ali kumpando wakumbuyo.

"Chomi, nkhani yake ndi yophweka," ananong'ona Lerato. "Ndili ndi magolovesi ena. Zovala ukachapire kwathu. Tsiku lonyamuka uvale ofiirawo, ndikujambule, titumize chithunzi kwa Mama. Tikakhota pakona, uwaponye pansi pa chikwama. Iwo akondwa, iwe ulasa njiri. Shapu!"

Anatulutsa timagolovesi takuda nakankhira m'thumba la Theresa. Theresa sanatibweze. Njirayo inaoneka yosalala ndithu.

"Makutu anga ndi a njiri," anatero a Pearson maso ali pamsewu. Lerato anatsamwa ndi gwinya.

"Sindikukalipira, Lerato. Wafuna kuthandiza mnzako. Koma Theresa, mlongo wanga ndimamudziwa. Akaona chithunzicho adzachionetsa kukwaya konse. Chaka chamawa adzaluka ena okhuthala kuposa awa. Chaka chinacho enanso. Adzalukira ndi ana ako omwe. Iwe udzakhala ukumwetulira pachithunzi n'kumawabisa m'chikwama nyengo yozizira iliyonse. Bodza la tsiku limodzi udzalivala moyo wako wonse, ndipo silifunda.

"Ukuganiza kuti ukuwamvera chisoni amayi ako. Ayi. Ukuwayesa mwana woti anamizidwe. Munthu amene anachoka ku Chikwawa yekha, n'kukulera kuno mpaka msinkhu uwu, sangafe ndi mawu oona. Chomwe chingamupweteke ndi kudzatulukira yekha. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna."

"Bwanji mukawauze ndinu, Amalume?" anafunsa Theresa. "Inu amakumverani."

"Ine? Mervis kundimvera ine?" A Pearson anaseka mpaka baki inagwedera. "Anandimenya ndi chipande ndili mwana, chipsera chake chilipo mpaka lero. Ayi, mwanawe. Magolovesi ndi ako, mayi ndi wako. Ine sindikanena kanthu, kaya usankhe ziti."

5. Pathebulo

Theresa anapeza amayi ake akudula therere. Pambali panali tomato ndi kapaketi ka soda.

"Wabwera, mlenje wanga! Zayenda bwanji? Magolovesi anawaona?"

"Anawaona, Amayi."

"Anati chiyani?"

Theresa anapisa dzanja m'thumba. Zala zake zinakhudza timagolovesi ta Lerato. Mawu oti "anawayamikira" anali kale pamlomo. Anawameza. Anatulutsa timagolovesi takudato naika pathebulo, kenako anaika ofiira aja pambali pake.

"Ndalephera mayeso, Amayi. Nsinga ikuterereka paulusi. Jekete likusokosera. Ndipo zovala zonse zikununkhira, moti nyama zikhoza kuthawa. Lerato wandibwereka awa kuti ndikavale mobisa, inu musadziwe."

Mpeni unaima. Amayi anayang'ana magolovesi ofiirawo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti manja angawa avutikira zachabe," anatero motsitsa mawu.

"Ayi, Amayi."

"Tenga a m'sitolowo. Ine za mauta ndizidziwira kuti? Ndimadziwa kuchapa ndi kukolopa basi."

Anayambanso kudula therere, koma tizidutswa tinkatuluka tosiyana misinkhu. Theresa anagwada pambali pawo.

"Ndikanafuna a m'sitolo sindikanakuuzani. Ndikufuna kukalasa njiri yanga yoyamba nditavala anu. Koma pandekha sindingathe kuwakonza. Tiyeni panja muone chomwe chikuchitika."

Amayi anapukuta manja pachitenje.

"Tiye. Koma ukandilasa, ukafotokoza wekha kwa abusa."

Panja Theresa anakunga uta, osaikapo muvi. Anawaveka amayi ake golovesi lakumanja, naika zala zawo zitatu pansinga.

"Kokani pang'ono, koma musataye."

Amayi anakoka, nkhope itakwinyika. "Nsingayo ili pati? Sindikuimva."

"Tsopano vulani muyesenso."

Anayesanso ndi zala zokha. Maso anatseguka.

"Ooo! Kani vuto lake n'limeneli? Zili ngati kulowetsa ulusi pasingano utavala masokosi m'manja!" Anayamba kuseka. "Nanga bwanji sunanene dzulo lomwe, mwana iwe?"

"Ndinaona ming'alu m'manja mwanu, ndiye ndinachita mantha."

"Ming'alu ndi yanga, isakutseke pakamwa. Kanditengere lumo."

Theresa atabwera nalo, amayi anagwira nsonga ya chala cha golovesi n'kudula kuti tswi! Theresa anakuwa.

"Ukuliranji? Woluka ndiye womasula."

6. Soda wa therere

Amayi anatenga foni naimbira mlongo wawo, mawu ali pamwamba kuti Theresa azimva.

"Pearson! Wanyoza sopo wanga pagulu. Nena tsono, nyama zakozo zimafuna ndichapire chiyani?"

"Soda, Achemwali."

"Soda uti?"

"Yemwe mumathira m'therere. Amachotsa fungo. Mutsukuluze kangapo ndi madzi okhaokha. Muyanike kutali ndi khitchini, ndipo musasite."

"Ndisasite?" Amayi anakhala pansi pampando. "Zaka zonsezi ndikuchapira anthu mu Queenswood muno, palibe anadandaulapo. Lero kamlongo kanga kakuti ndiphike zovala ngati ndiwo, mwana wanga ayende ndi makwinya!"

"Njiri siona makwinya, Achemwali."

"Iwe ndi njiri zakozo ndinu amodzi."

Anadula foni akuseka misozi ili mbwembwembwe. Tsiku limenelo therere linadyedwa lopanda soda, chifukwa paketi yonse inathera m'beseni.

Masiku otsatirawo kanyumba kaja kanasanduka malo a ntchito. Jekete lofufuma analibwezera m'kabati, kuti lizipita kutchalitchi. Amalume anatumiza jekete lawo lakale laubweya, lofewa ndi losalira. Theresa anaphunzira kuvala zopyapyala zingapo m'malo mwa chokhuthala chimodzi: kamalaya kogwira thupi mkati, juzi pamwamba pake, jekete kunja. Pamene mkono wa jekete unkalendewera panjira ya nsinga, amayi anadula sokosi lakale la kusukulu kuphazi kwake, nalilowetsa pamkono kuti ligwire nsalu yonse. Zovala zitauma kumapeto kwa dimba, Theresa anaziika m'thumba lapulasitiki pamodzi ndi masamba ouma ndi udzu, namanga pakamwa.

Nkhondo yaikulu inali ya mafuta odzola.

"Zovala ndalolera," anatero amayi. "Koma kutuwa ayi. Miyendo ngati ya nkhwazi, milomo yosweka, anthu azidzati mayi ake ali kuti?"

"Amayi, walira mvula walira matope."

"Usandiphere mwambi, ndinakubala ndine."

Anagwirizana zogula mafuta oyera opanda fungo lililonse. Amayi anawanunkhiza m'sitolo momwemo mpaka wogulitsa anadabwa.

Koma magolovesi ndiwo anawalanda tulo. Golovesi lakumanzere, logwirira uta, analimasula pachikhatho n'kulilukanso mopyapyala. Lakumanja linatsala ndi zala zitatu zapamtunda, ndipo amayi ankangoliyang'ana akupukusa mutu.

"Zala zitatuzi zikhala pambalambanda mmawa wonse? Ayi, si mwana wanga."

Anatola ulusi womwe anamasula uja, naluka kachipewa kovindikira zala zitatuzo. Anakalumikiza kumsana kwa golovesi, kuti kazivundukuka ndi chala chachikulu chokha. Poyamba anaikapo batani. Theresa atakoka uta, batanilo linagunda nsagwada yake kuti ke!

"Phokoso," anatero amayi okha, Theresa asananene. Analichotsa naikapo kamfundo kaulusi.

7. Mwayi wachiwiri

Tsiku la mayeso Mayi Mervis anapempha kuntchito kuti awamasule mmawa wonse. Anafika pabwalo atavala majuzi awiri, chitenje pamwamba, bulangete paphewa.

A Pearson anamuzungulira Theresa akununkhiza ngati galu wa apolisi.

"Ndikumva tchire lokha," anatero. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo. "Koma inu Achemwali, imani uko kumene mphepo ikupita."

"Ine sindikusaka. Ndinunkhira mpaka tsiku la maliro anga."

Ulendo uno amalume sanawalole atsikanawo kuponya msanga. Anawakhazika pansi paudzu wa chisanu, nawauza kuti asagwedezeke. Anakhala, nakhala, nakhalabe. Mphuno ya Lerato inayamba kuchucha. Iye ankabisa manja m'khwapa. Theresa anamva kuzizira kumasaya ndi kumawondo, koma zala zake zinali phee m'kachipewa kawo.

"Njiri yafika," ananong'ona a Pearson. "Theresa."

Theresa anakankha kachipewa ndi chala chachikulu. Anakweza uta. Jekete silinalire. Zala zinapeza nsinga ngati zikupatsa moni mnzawo wakale. Anakoka, anapuma, nataya.

Thi! Pakati penipeni.

Wachiwiri unakhala pambali pa woyamba, moti nthenga zawo zinakhudzana.

Nthungululu ya Mayi Mervis inamveka mpaka kumsewu. Nkhanga zija zinabalalikanso. Bulangete linagwa pansi iwo akuvina mozungulira.

"Achemwali, kutchire nthungululu n'zoletsedwa!"

"Kuno si kutchire! Wamuona mwana wa Mervis? Wawaona magolovesi a Mervis?"

Lerato anaponyanso. Zala zake zinali zitachita dzanzi, moti muvi wina unagwera m'mphepete, koma amalume anagwedeza mutu kuti wakhoza. Onse awiri akalowa m'kachisakasa.

Theresa anatulutsa timagolovesi takuda tija nabwezera mnzake.

"Zikomo, chomi. Sindinativale."

Lerato anagwira golovesi lofiira, natsegula kachipewa, natseka, natsegulanso.

"Eish, Mama," anatero, "inenso ndine mwana wanu. Agogo anga ndi a ku Dedza."

"Ukabwerako kutchire udzandipeze, ndidzakuyeze zala."

"Nanga ine?" anafunsa a Pearson.

"Iwe ukapemphe kwa njiri."

Kenako amayi anamukokera Theresa pambali, namukonza kolala ya jekete lamakwinya lija.

"Tamvera, mwana wanga," anatero. "Ukanandibisira, ndikanakondwa tsiku limodzi ngati chitsiru. Lero ndakondwa ndikudziwa chomwe ndikukondwera. Chinthu chikakuthina uzinena, kaya wakupatsa ndi ndani. Nsapato yothina siimasuka chifukwa choti waimwetulira."

8. Panjira ya kumpoto

Ananyamuka m'mawa mwake dzuwa litangotuluka. Amayi anaima pageti akukupiza chitenje mpaka baki inakhota. Panalibe chobisa pansi pa chikwama. Magolovesi ofiira anali m'thumba lomanga lija, pamodzi ndi masamba ouma, kudikira ntchito yawo.

Nyumba zinayamba kuchepa. M'mbali mwa msewu munabwera udzu wofiirira ndi mitengo yaminga. A Pearson ankaimba nyimbo ya kwaya mosokoneza mawu, Theresa n'kumawakonza.

Koma Lerato, amene sankatha kukhala chete ngakhale m'kalasi, anali duu. Anatsamira pazenera, sikafu itakulunga khosi. Kawiri konse mapewa ake anagwedezeka, ngati munthu womeza chifuwa.

Theresa anasendera pafupi kuti amufunse. Pomwepo mphuno yake, imene inali itazolowera zovala zopanda fungo, inagwira kanthu. Linali fungo lakuthwa, lolasa m'maso, la mankhwala aja opaka pachifuwa munthu akagwidwa ndi chimfine. Linali kutuluka m'juzi yomwe Lerato akavale m'kachisakasa.

Lerato anaona kuti mnzake wadziwa. Anamugwira dzanja. Chikhatho chake chinali chotentha.

"Chomi, usanene," ananong'ona. "Ndi kuzizira kwa dzulo kuja, mawa ndikhala bwino. Akadziwa, ndikasenda anyezi. Ndakhala ndikudikira ulendo uno chaka chonse."

Kachisakasa kanali kamodzi. Mawa lake awiriwo akakhala momwemo, phewa ndi phewa, mphepo ikuwomba kupita kudziwe.

Baki inachepetsa liwiro. Kutsogolo kunaoneka geti lalitali la famu. A Pearson anasiya kuimba, nayang'ana pagalasi loonera kumbuyo.

"Kumbuyoko mwangoti zii," anatero. "Theresa, zonse zili bwino?"

Zala za Lerato zinafinya dzanja lake mwamphamvu.